Zimene ndinawerenga kumanda

Achinyamata anzanga, mwezi wathawu ndinali m'gulu la adzukulu pa maliro a agogo ena m'mudzi mwathu kuno ku Domasi. Nditapereka khasu kwa mnzanga kuti ndipumeko, ndinayamba kuwerenga zaka zolembedwa pa ziliza. Mbali ina ya manda yadzaza ndi anthu amene anamwalira pakati pa 1995 ndi 2004, ambiri asanakwanitse zaka 40. Azakhali anga ali pomwepo. Anapita mu 2002, ine ndisanabadwe, ndipo ana awo analeredwa ndi agogo.

Tikubwerera, mnzanga uja anati, "Waona? Tonse tikupita komweko. Edzi inabwerera anthu, osati mitengo. Bola kudyeratu." Tinaseka, koma usiku tulo sindinatione.

Zoti tonse tidzafa sananame. Chimene anaiwala n'chakuti anthu a pa ziliza aja analibe mwayi umene ife tili nawo. Nthawi imeneyo munthu akapezeka ndi kachirombo ka HIV ankangobwerera kunyumba kukadikira tsiku. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Azakhali anawaphonya ndi zaka ziwiri zokha basi! Ngakhale dzina la matendawo silinkatchulidwa pa maliro, ankangoti "adwala nthawi yaitali". N'chifukwa chake anthu anadzidzimuka mu February 2004 pamene a Bakili Muluzi, ali pulezidenti, anaulula kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi.

Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Akamamwa mwandondomeko, kachirombo kamachepa m'magazi mpaka osaoneka poyeza, ndipo sapatsira amene akugonana naye. Ndiye wina akamati "imfa ndi imfa", kukana kondomu, kukana kuyezetsa, ine ndimaona ngati akunyoza azakhali anga. Iwo akanayenda wapansi mpaka ku Zomba chifukwa cha mankhwala amenewa.

Ine ndinadzifunsa kuti, ndisanagone kumeneko ndikufuna nditachita chiyani? Yankho linabwera msanga: kufolera nyumba ya amayi ndi malata, ndi kuona mchemwali wanga atalemba mayeso a folomu 4. Sabata yomweyo ndinakayezetsa magazi. Ndisakunamizeni, pa benchi paja miyendo inkanjenjemera. Zotsatira zake ndi zanga, nanunso palibe angakukakamizeni kuulula zanu.

Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu tidzachite izi. Aliyense alembe pa kapepala zinthu ziwiri zimene akufuna atachita asanamwalire, osalemba dzina. Tidzasakaniza timapepalato m'chipewa n'kumawerenga kamodzikamodzi, kenako tidzafunsane: pa zimene timachita tikakhala pa msika wa Songani madzulo, ndi ziti zingalepheretse zimenezi? Atsikana adzayambe ndiwo kuyankha, chifukwa anyamatafe tikayamba sitimaliza. Amene muli ndi agogo, muwafunse mwaulemu mmene mudzi unalili zaka zimenezo. Akakana kulankhula, musawaumirize.