Phunziro 27: Sukulu ya pa cilumba

Cilape!
Nacize!
Mudzi wa agogo ulibe mpanda wa udzu. Mpanda wake ndi madzi okhaokha. Kodi n'ciyani?
Yankho: cilumba.

1. Mverani
(Aphunzitsi awerenge, ana amvere.)

Cilumba ndi mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Anthu ena amati cisumbu. Munthu sangapite pa cilumba poyenda pansi kapena pa njinga. Amakwera bwato, ngalawa kapena sitima.

Pa Nyanja ya Niassa pali cilumba cochedwa Likoma. Pafupi naco pali cina cacing'ono, dzina lake Chizumulu. Zilumba ziwirizi ndi za dziko la Malawi, koma madzi amene azizungulira ndi a dziko lathu la Moçambique. Munthu akaima pa gombe la Cobué, m'cigawo ca Niassa, amaona Likoma ndi maso. Anthu a ku Likoma amalankhula Cinyanja monga ife.

Likoma ndi cilumba ca miyala, mcenga ndi mitengo yambiri ya milambe. Pali cipatala. Pali chalichi cacikulu ca St Peter, cimene anayamba kumanga m'caka ca 1903. Palinso sukulu ya sekondale yogonera komweko. Ophunzira ena a pa sukuluyi ndi a pa cilumba pomwepo. Ena amacokera kutali, kutsidya kwa nyanja. Iwowa ndi aakulu, ngati acimwene ndi acemwali anu. Tiyeni tione mmene amakhalira.

Ulendo

Sukulu ikayandikira kutsegulidwa, wophunzira amamanga katundu wake. Amatenga zovala, cofunda, mbale, kapu, sopo, mabuku ndi zolembera. Amayi amamukazingira cimanga ndi mtedza kuti adye m'njira. Abambo amamuperekeza mpaka pa doko la Nkhata Bay.

Pa dokopo amakwera sitima. Sitima yodziwika kwambiri pa nyanjayi ndi Ilala. Inayamba kuyenda m'caka ca 1951. Imanyamula anthu, matumba a cimanga, shuga, mcere, njinga ndi nkhuku. Ulendo wa ku Likoma umatenga maola ambiri. Mafunde akakula, ena amacita cizungulire ndipo amasanza. Mapiri a kwawo amacepa pang'onopang'ono mpaka kubisika. Kenaka milambe ya ku Likoma imaonekera.

Wophunzira akafika, sabwerera kwawo Loweruka. Amakhala komweko pafupifupi miyezi 3, mpaka sukulu itatsekedwa.

Tsiku la wophunzira

Pa sukulu yogonera, belu ndiye tambala. Belu likalira m'mamawa, onse amadzuka. Aliyense amapinda cofunda cake. Ena amasesa pabwalo, ena amakolopa m'cipinda. Akatha amasamba, amamwa phala, nalowa m'kalasi.

Masana amadya nsima. Madzulo amacapa zovala zawo ndi kusewera mpira. Usiku amakhala cete ndi kuwerenga mabuku. Palibe amayi oti amudzutse. Palibe acemwali oti amucapire malaya. Wophunzira amazicita yekha.

Zakudya za pa cilumba

Nthaka ya ku Likoma ndi ya miyala ndi mcenga, ndipo minda ndi yaing'ono. Cimanga sicicuruka. Anthu amalima cinangwa ndi kuphika nsima ya kondowole. Ndiwo zambiri ndi nsomba: usipa, utaka ndi kampango. Ana amaswa malambe ndi kumyamwa ufa wake wowawasa.

Nthawi zina pa nyanja pamaoneka cinthu cakuda ngati utsi. Umenewo si utsi wa moto. Ndi tizilombo touluka tating'ono tochedwa nkhungu. Amayi amatigwira ndi madengu, natiumba timitanda, n'kuphika. Wophunzira wacilendo amayamba wadabwa. Anzake amati, "Talawa, mnzanga!" Akalawa, onse amaseka.

Zinthu zocepa

Pa cilumba zinthu zambiri zimabwera pa madzi. Cimanga, sopo ndi makope zimabwera pa sitima. Nkhuni zambiri zimabwera pa ngalawa kucokera ku gombe la dziko lathu. Mphepo ya mwera ikaomba m'nyengo yozizira, mafunde amakula, ndipo mabwato aang'ono amakhala pa gombe. Katundu amacedwa kufika.

Cifukwa cake wophunzira amasamala zinthu zake. Sasiya sopo m'madzi. Sang'amba kope lake. Sataya nsima. Mnzake akasowa colembera, amamubwereka. Mawa iyenso akasowa mcere kapena ulusi, mnzakeyo amamupatsa. Akuluakulu anati: mutu umodzi susenza denga.

Kupukwa kwawo

Masabata oyamba ndi ovuta. Dzuwa likamalowa, wophunzira amayang'ana kutsidya. Amakumbukira amayi, abambo, ang'ono ake ndi kagalu ka kwawo. Ena amalira usiku m'cofunda. Kulira kotere si kwamanyazi. Ngakhale munthu wamkulu amapukwa kwawo.

Mankhwala ake ndi anzake. Ophunzira akale amaceza ndi atsopano. Amawaonetsa kotunga madzi ndi njira ya ku cipatala. Amaimba limodzi ndi kupondana nthano. Wina akadwala malungo, anzake amathamanga kukauza aphunzitsi, ndipo amamutengera phala. Pang'onopang'ono mtima umakhala pansi.

Malamulo a pa nyanja

Nyanja ndi yokoma, koma imafuna ulemu. Wophunzira wanzeru amamvera asodzi, cifukwa iwo amadziwa mphepo ndi mafunde. Sasamba yekha. Sasamba usiku. Sasamba m'bango, cifukwa mumabisala ng'ona, ndiponso m'madzi odikha mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Sakwera bwato lodzaza kwambiri.

Kubwerera

Miyezi 3 ikatha, amalemba mayeso. Kenaka amamanganso katundu. Amagula usipa wouma pang'ono ndi malambe a ang'ono ake. Sitima ikalira, amatsazikana ndi anzake. Tsopano amadabwa, cifukwa mtima ukumuwawanso posiya cilumba.

Akafika kwawo, amayi amaona kuti mwana wawo wasintha. Amadzuka yekha. Amatsuka mbale yake asanauzidwe. Akalandira cakudya, amagawira mng'ono wake. Wabwera ndi nzeru za m'mabuku, wabweranso ndi nzeru za kukhala ndi anthu.

Inu ana, sukulu yanu ili pafupi. Mumapita m'mawa ndi kubwerera masana. Koma nzeru zimenezi mungayambe kuziphunzira lero, muli m'kalasi yoyamba.

2. Tiwerenge pamodzi

Ili ndi bwato.
Bwato lili pa madzi.
Ici ndi cilumba.
Pa cilumba pali sukulu.
Acemwali apita ku sukulu.
Acimwene apita ku sukulu.
Iwo asamala mabuku.
Iwo agawana cakudya.
Ine ndisamala buku langa.
Ine ndithandiza mnzanga.

3. Maphatikizo

la le li lo lu
ca ce ci co cu
ma me mi mo mu

ci – lu – mba: cilumba
ma – la – mbe: malambe
ma – dzi: madzi
su – ku – lu: sukulu

Ombani m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Kodi mwaomba kangati pa mawu oti "cilumba"? Nanga pa mawu oti "madzi"?

4. Yankhani

a) Kodi cilumba n'ciyani?
b) Chulani zilumba ziwiri za pa Nyanja ya Niassa.
c) Kodi sitima ya m'nkhaniyi dzina lake ndani?
d) Cifukwa ciyani wophunzira wa pa cilumba sataya nsima?
e) Mnzanu akalira cifukwa copukwa amayi ake, inu mungacite ciyani?
f) Chulani lamulo limodzi la pa nyanja kapena pa mtsinje.

5. Tiwerengere

a) Pa gombe pali mabwato 3. Kwabwera ena 2. Mabwato onse alipo angati?
b) Acemwali ali ndi malambe 6. Apatsa mnzawo 2. Atsala ndi angati?
c) Ana 4 akudya m'mbale imodzi. Muli usipa 8. Agawana mofanana. Aliyense adya usipa ungati?

6. Nchito

Tulukani pabwalo. Unjikani mcenga kapena dothi pakati pa beseni. Thirani madzi mozungulira. Mwapanga cilumba! Tengani tsamba la mango likhale bwato lanu. Uzirani madzi pang'ono, kenaka mwamphamvu. Kodi bwato lacita ciyani?

Jambulani katundu 5 amene mungatenge popita ku sukulu ya kutali.

7. Kwa makolo

Amayi ndi abambo, agogo ndi amalume, werengani phunziro ili pamodzi ndi mwana wanu madzulo. Ngati simudziwa kuwerenga, mwana akuonetseni zimene wajambula ndi kukufotokozerani nkhaniyi. Kenaka mufunseni mafunso anuanu.

M'midzi yathu yambiri sukulu ya sekondale ili kutali. Mwana amene mukumuperekeza lero ku kalasi yoyamba, mawa adzafunika kukagona kutali ndi inu kuti apitirize maphunziro. Ena amabwerera pa njira cifukwa sanazolowere kudzisamala okha. Kukonzekera kumayamba mwana ali wamng'ono. Mulekeni atsuke mbale yake, apinde cofunda cake ndi kusunga buku lake pouma. Nchito zimenezi aziphunzire mnyamata ndi mtsikana mofanana. Nthawi ya ulendo ikadzafika, mtsikana asatsale kunyumba pamene mlongo wake akupita.

Mabanja ambiri amadziwa kale za kukhala kutali ndi kwawo. M'nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a ku Tete ndi ku Niassa anathawira ku Malawi. Ena a ku gombe la Cobué anaoloka nyanja nakakhala pa Likoma pomwepo, ndipo eni cilumba anawalandira. Ngati m'banja mwanu muli agogo amene anakhalako kucilendo, auzeni adzukulu amene anawapatsa malo, zimene ankadya ndi mmene anabwerera.

Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wa sukulu wocokera kutali, mufunseni ngati wadya, ndipo akadwala mumutengere ku cipatala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

8. Za kunyumba

Funsani munthu wamkulu wa kwanu mafunso awa: "Kodi munapitako kutali ndi kwathu? Munakwera ciyani? Ndani anakuthandizani?" Mawa mudzauze anzanu m'kalasi zimene mwamva.