Ana anga sakundimva: kodi ndiletse Chiyao m'kalasi?

FUNSO

Bambo Mkonzi,

Ndine mphunzitsi watsopano, kwathu ndi ku Dedza. Nditamaliza kukoleji ananditumiza pasukulu ina ya kumudzi m'boma la Mangochi, n'kundipatsa Sitandade 1. Ana alipo oposa 100, ndipo ambiri kunyumba amayankhula Chiyao chokhachokha. Ndikafunsa funso amangonditong'olera maso, koma ndikangotembenuka kuti ndilembe pa bolodi, Chiyao chimabuka kalasi yonse. Anzanga ena akuti ndiziwalanga kuti azolowere msanga Chichewa ndi Chingerezi. Kodi ndiletsedi? Nanga bwanji kukoleji sanatikonzekeretse za zimenezi?

Mphunzitsi wothedwa nzeru, Mangochi

YANKHO

Aphunzitsi,

Musaletse ayi. Mwana wa zaka 6 mukamulanga chifukwa choyankhula mmene amayankhulira ndi mayi ake, saphunzirapo Chichewa. Amangophunzira kutseka pakamwa, ndipo ena mudzangoona asiya kubwera. Phokoso limene mumalimva mukatembenukalo si mwano wokhawokha. Mbali ina ndi ana akufunsana kuti aphunzitsi akuti chiyani, ndipo amenewo ndiwo akuyesetsa kukutsatirani.

Funso lanu lachiwiri ndi lalikulu, chifukwa vutoli linayamba inu musanabadwe. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalemba kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Ganizo linali labwino, koma linafika pa nthawi yovuta. Maphunziro aulere a pulayimale anali atangoyamba mu 1994, ana anachoka pa 2 miliyoni osakwana kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linali pa kalikiliki wolemba aphunzitsi osaphunzitsidwa kuti kalasi iliyonse ikhale ndi munthu kutsogolo. Mabuku a Chiyao kapena Chisena sanafike m'makalasi ambiri. Kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira ku Sitandade 1. Pulogalamu ya kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, ili m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mfundo zatembenuka kangapo, koma mphunzitsi amatulukabe kukoleji atanyamula ziyankhulo ziwiri basi.

Sindikunena kuti makoleji aziphunzitsa aliyense Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chitonga ndi Chilomwe. Sizingatheke, ndipo wotumizidwa ku Chitipa, kumene Chilambya, Chindali ndi Chisukwa zimakumana pabwalo limodzi, zikanamuperewerabe. Chimene chikusoweka n'china. Kukoleji anakuphunzitsani Chingerezi ngati chiyankhulo chachilendo kwa mwana, Chichewa ngati chimene mwana amabwera nacho kuchokera kunyumba. Ku Dedza n'zoona. Kumene muliko, zonse ziwiri n'zachilendo. Ndiye luso lija munalitolera pa phunziro la Chingerezi, loonetsa chinthu musanachitchule, lochita ndi manja, lobwerezabwereza, loyamba ndi pakamwa choko chisanakhudze bolodi, libweretseni ku phunziro la Chichewa. Luso muli nalo kale, kungoti palibe anakuuzani kuti likufunikanso kuno.

Mukukumbukira TALULAR, luso lophunzitsa ndi zinthu zopezeka m'dera, mmene munkatolera zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera? Pa zinthu zonse zopezeka m'dera lanulo, chochuluka kwambiri ndi Chiyao chimene ana amabwera nacho m'mawa uliwonse. Pagulu la ana 100 simungalephere kupeza angapo odziwa ziyankhulo zonse ziwiri, makamaka amene makolo awo amachita malonda kapena anakhalapo m'tauni. Agaweni m'magulu onse, asaunjikane kutsogolo. Mwana akayankha m'Chiyao, mulandireni, mnzake anene yankholo m'Chichewa, kalasi yonse ibwereze. Pa masamu samalani kwambiri: mwana amene wagawa bwino timiyala 10 kwa anzake awiri, masamuwo wakhoza, ngakhale alephere kufotokoza m'Chichewa. Mukamulemba kuti walephera, mwayesa chiyankhulo, osati masamu.

Inunso khalani ndi kope lanu. Tsiku lililonse lembanimo mawu ochepa a m'kalasi, monga opatsira moni, okhazika ana pansi, oyamikira, ofunsa ngati amva. Mukalakwitsa katchulidwe adzakusekani, asiyeni aseke. Mwana amene wakonza aphunzitsi ake saopanso kukweza dzanja. Amayi a mother group angakuthandizeni ndi nthano ndi masewera a komweko. MBC imaulutsa nkhani m'Chiyao, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba anakonza kalembedwe ka chiyankhulochi, choncho simukulemba zongopeka. Kumbukiraninso kuti ena mwa anawo masana amapita ku madarasa kumene amalemba kuyambira kumanja kupita kumanzere. Mukaona wina wayambira kumapeto kwa mzere, musafulumire kumuyesa wogona.

Anzanu aja musawanyoze. Mantha awo ali ndi maziko: mayeso a Sitandade 8 a MANEB amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo mwana wofika kumeneko Chingerezi chili chosapsa amavutikadi. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa njira. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi. Chiyao ndi Chichewa n'zapachibale, malembo a liwu ndi omwewo asanu, maphatikizo ambiri amafanana. Mwana akazindikira kuti zimene zili pa bolodizo ndi mawu amene iye amawanena, amawoloka nalo lusolo kupita ku Chichewa, kenako ku Chingerezi. Woloweza mawu osawamva amaoneka wochenjera mu Sitandade 2, n'kudzagwa mu Sitandade 5 zonse zikafuna kumvetsa.

Ndikanakhala ndi mpando ku unduna, ndikanafuna kuti wophunzira uphunzitsi aliyense akayesereko ntchito kudera la chiyankhulo china, ndiponso kuti asanamutumize azimufunsa ziyankhulo zimene amadziwa. Koma inu simungadikire zimenezo, teremu ikuyenda. Pitani nayo nkhaniyi kwa ahedi, ndipo pamsonkhano wotsatira wa aphunzitsi ku TDC mupemphe a PEA, alangizi a zamaphunziro, kuti aphunzitsi a m'zoni yanu odziwa Chiyao apatsidwe nthawi yoonetsa anzawo mmene amayambira phunziro la Sitandade 1. Ngati pasukulu panu alipo mmodzi wotere, pemphani kuti muzigwira naye kalasiyo, ngakhale pa maphunziro a m'mawa okha.