PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KAPUMIDWE KOTHETSA MANTHA A MAYESO

Mabanja ambiri m'makomboni ali ndi mwana amene aphunzira udokotala ku Ridgeway, pafupi ndi cipatala ca UTH mu Lusaka, kapena ku sukulu ya madokotala ya ku Ndola. Abale asonkha ndalama za fizi movutikira, ndipo mwanayo adziwa kuti akalephera adzabwereza caka. Conco pa tsiku la mayeso, makamaka aja opima wodwala pamaso pa aphunzitsi, mantha amugwira ndipo zonse zimene anawerenga zithawa m'mutu. Phunziro la lero ndi la mwana wotere ndi a m'nyumba mwake.

Cimene cicitika m'thupi

Munthu wamkulu akakhala phee apuma nthawi 12 kufika 20 pa mphindi imodzi. Akacita mantha, thupi litulutsa adrenaline. Mtima uthamanga, manja acita thukuta, ndipo munthu apuma mofulumira ndi cifuwa cokha. Kupuma kotere kucotsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi. Ici ndico cibweretsa cizungulire ndi dzanzi m'zala.

Koma potulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wochedwa vagus ucepetsa liwiro la mtima. Ndiye cifukwa cake kutulutsa kuyenera kutalika kuposa kukoka.

Zoyenera kucita

1. Khalani tsonga pa mpando, mapazi pansi, mapewa omasuka.
2. Ikani dzanja limodzi pamimba, lina pacifuwa.
3. Kokani mpweya ndi mphuno, mukuwerenga camumtima kufika pa 4. Dzanja la pamimba ndilo likwere.
4. Tulutsani ndi pakamwa kufika pa 6, monga mukupepesera phala la mwana.
5. Pitirizani kwa mphindi 5. Mudzakhala mukupuma pafupifupi nthawi 6 pa mphindi.

Mukamva cizungulire, lekani ndi kupuma mwa masiku onse.

Yambani msanga

Musayembekeze tsiku la mayeso. Yesezani m'mawa ndi usiku musanagone, milungu ingapo mayeso asanafike, kuti thupi lizolowere. M'cipinda ca mayeso, pumani motere katatu musanatembenuze pepala kapena musanapereke moni kwa wodwala. Palibe amene adzaona.

Kwa makolo

Mwana akabwera kunyumba kudzawerenga, cepetsani wailesi, mupatseni cakudya pa nthawi yake, ndipo muleke kumukumbutsa za ndalama zimene munakongola. Agone mokwanira, asacezere usiku wonse ndi khofi.

Cenjezo

Kupuma bwino sikulowa m'malo mwa kuwerenga, ndiponso si mankhwala a matenda. Ngati pali kupweteka m'cifuwa, befu wa mphumu, kapena cifuwa copitirira milungu iwiri, pitani ku kiliniki. Ngati mantha amuletsa mwana kudya ndi kugona masiku ambiri, kapena ayamba kulankhula zodzipha, muperekezeni ku cipatala tsiku lomwelo.