Kufufuza makolo ochokera ku Scotland m'boma la Zomba

Kalata ya omvera athu a ku Kachulu ikufunsa za mabanja ochokera ku Scotland. David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa mu 1859, koma anangodutsa. Wokhazikika anali John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, kenako n'kutsegula minda ya khofi ku Zomba pamodzi ndi abale ake.

Wofufuza ayambire ku National Archives ku Zomba, ngakhale moto wa mu 1919 unatentha zikalata zambiri za boma. Mabuku a ubatizo a mipingo amathandizanso, makamaka potchula mayina a amayi akuno, omwe nthawi zambiri mapepala a boma ankawasiya. Ku Scotland kalembera wa obadwa, maukwati ndi omwalira anayamba mu 1855, ndipo amapezeka pa intaneti pa ScotlandsPeople.