Ntchito yosasangalatsa ndi ntchito yoletsedwa n'zosiyana: phunziro kuchokera kwa osunga Sabata



Ndili pa holide kwathu ku Luwani, m'boma la Neno. Lachitatu usiku titatha kudya, achemwali anga, mwana wa mayi aakulu, anandiitanira pakhonde. Ali ndi dipuloma, koma chaka chachiwiri chikutha ali pakhomo. Makalata ofunsira ntchito atumiza mpaka atopa. Tsopano mwayi wapezeka pa kachipatala kena kapulaiveti: kukolopa, kuchapa nsalu za odwala ndi kutsuka zimbudzi. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo yankho likufunika Lolemba.

Funso lawo linali lakuti: "Achimwene, inu munakhalitsa ku madrasa. Ndikakana ntchito imeneyi ndichimwa? Nanga ndikalola, si kuti ndataya tawakkul, pomwe mwina Allah wandisungira yabwino?"

Usiku umenewo sindinayankhe. Chodabwitsa n'chakuti amene anandithandiza kulongosola funsoli m'mutu mwanga si Asilamu anzathu ayi, koma anthu osunga Sabata, makamaka Ayuda. Ndikudziwa kuti ena akangomva dzina limeneli maganizo amathamangira ku ndale ndi nkhondo. Lero sitili kumeneko. Tikukamba za munthu wopembedza amene ali pa ulova, ndipo akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

MAYI WACHIYUDA NDI KALATA YA NTCHITO

Tiyerekeze mayi wachiyuda wosunga malamulo a chipembedzo chake, wokhala ku Johannesburg, kumene kuli Ayuda ambiri m'madera ngati Glenhazel. Abale athu a ku Joni amene anagwirako ntchito m'nyumba zawo zimenezi akuzidziwa. Mayiyu wakhala miyezi wopanda ntchito, lendi ikumudikira, ndipo wapatsidwa ntchito imene mtima wake sukuifuna. Kodi amayeza chiyani?

Choyamba ndi Sabata. Kwa iye Sabata imayamba dzuwa likamalowa Lachisanu, n'kutha kukada Loweruka. Malamulo awo amatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa tsikuli. Salemba, saphika, sayatsa moto, sayendetsa galimoto, sagula kapena kugulitsa, ngakhale foni saigwira. Ndiye kuti vuto si Loweruka lokha. Lachisanu ayenera kuweruka msanga kuti dzuwa likamulowere ali kunyumba. Ku London mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndiye taganizani kuuza bwana watsopano zimenezo. Kupulumutsa moyo wa munthu kumaposa Sabata. Pa Sabata mayiyu sasuntha, ngakhale malipiro atakhala okoma bwanji.

Koma chipembedzo chomwecho, chouma chonchi pa Sabata, sichimupatsa mpata wokana ntchito chifukwa choti ndi yonyozeka. M'mabuku awo otchedwa Talmud muli malangizo a mphunzitsi wina, Rav, kwa Rav Kahana. Mfundo yake ndi yakuti kuli bwino kusenda nyama yofa yokha pamsika n'kulandira malipiro kusiyana ndi kukhala manja lende podziona ngati munthu wamkulu. Mulinso malangizo a Rabbi Akiva akuti ngati zinthu zavuta, munthu adye chakudya wamba pa Sabata m'malo mopempha kwa anthu kuti adye zonona.

Mwaona pamenepo? Mayiyu ali ndi mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi ntchitoyi ikundiswetsa lamulo la Mulungu? Lachiwiri: kodi ikundisangalatsa? Yankho la funso loyamba likhoza kumukanitsa ntchito. Yankho la lachiwiri palokha silokwanira.

NKHANIYI SI YAKUTALI

Kuno ku Neno osunga Sabata timakhala nawo. Mishoni ya Matandani ya a Seventh-day Adventist inayamba mu 1908, ndipo ambiri a ife tinaphunzira limodzi ndi ana amene Lachisanu dzuwa likalowa amasiya zonse. Si Ayuda, ndipo kasungidwe kawo ka Sabata n'kosiyana m'zinthu zingapo, koma mayeso a pa ntchito ndi omwewo.

Mlandu wodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi wa mayi wa mpingo umenewu, Adell Sherbert, wa ku South Carolina ku America. Anachotsedwa ntchito pa fakitale ya nsalu atakana kugwira Loweruka. Anafunsira m'mafakitale ena, koma konseko ankafuna Loweruka. Atapempha ndalama zimene boma limathandizira malova, anamukaniza ponena kuti akukana ntchito popanda chifukwa chomveka. Mu 1963 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera iye. Chimene ndikufuna muone ndi ichi: mayiyu sankathawa ntchito ya m'fakitale, yaphokoso ndi yotopetsa. Ankaifunafuna. Chimene anakana ndi tsiku limodzi lokha, ndipo anachitchula poyera.

IFEYO TIMATEMBENUZA

Zoona zake, ambiri a ife timachita mosemphana. Ntchito ya mu ofesi ikapezeka, ya tayi ndi kompyuta, sitifunsa n'komwe za Swala. Dhuhr imadutsa, Asr imadutsa, Jumu'a timangoti "bwana salola" pomwe sitinapempheko. Koma ikapezeka ntchito yokolopa, yogulitsa manachesi pa Zalewa kapena yopalasa kabaza, mpamene timakumbukira mawu akuti sabr ndi tawakkul. Chipembedzo timachisandutsa chophimbira manyazi athu.

Tiyeni tibwerere ku zimene tinaphunzira pa mkeka ku madrasa. Mtumiki Muhammad (SAW) anawetapo ziweto za anthu a ku Makka polandira timalipiro tochepa, ndipo sanabise. Anatiphunzitsanso kuti kutenga chingwe, kukatola nkhuni n'kugulitsa n'kwabwino kuposa kupempha kwa anthu. Mneneri Dawud (AS), mfumu yathunthu, ankadya za thukuta la manja ake. Mayi wa okhulupirira Zaynab bint Jahsh (RA) ankafufuta zikopa ndi kusoka, ndalama zake n'kumapereka sadaka. Amene anayandikirapo pofufutira zikopa akudziwa fungo lake. Abdur-Rahman ibn Awf (RA) atafika ku Madina wopanda kanthu, anapatsidwa mwayi wogawiridwa chuma, koma anapempha kuti amulozere njira ya kumsika.

Komanso Qur'an, mu Surah Al-A'raf, imatiuza za anthu a m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja amene anayesedwa ndi nsomba zobwera zambiri pa tsiku la Sabata. Kulakwa kwawo sikunali kugwira ntchito yonyozeka. Kunali kudumpha malire a Allah chifukwa cha phindu. Ndiye malire ndi enieni, osasewera nawo. Koma tisawonjezere malire athu, n'kuwapatsa dzina la Allah.

Ife tinapeputsidwanso kwambiri. Tilibe tsiku lathunthu loletsedwa ntchito. Surah Al-Jumu'a imalamula kusiya malonda adhana ya Jumu'a ikamveka, kenako imalola kubalalika kukafuna riziki Swala ikatha. Ndipo Jumu'a si yokakamizidwa kwa akazi. Zimene tikupempha kwa bwana ndi mphindi zochepa za Dhuhr ndi Asr, ndi ola limodzi kapena awiri Lachisanu. Ngati wosunga Sabata amalimba mtima kupempha tsiku lonse, ife tikuopa chiyani?

MADENGU ATATU

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndi achemwali, tinatenga kope n'kugawa nkhawa zawo m'madengu atatu. Yesani nanunso.

Dengu loyamba: zoletsedwa zenizeni. Kugulitsa mowa, katapira, kunamiza makasitomala, kusaina ziphaso zabodza, kukakamizidwa kuvula hijabu, kapena bwana wofuna thupi lanu kuti akulembeni. Chinthu chikagwera umu, nkhani yatha, ngakhale m'nyumba mulibe ufa. Ngati simukudziwa kuti chinthu chikugwera umu kapena ayi, kafunseni kwa shehe wodziwa. Ine ndine wophunzira chabe, si mufti.

Dengu lachiwiri: zokambirana. Nthawi ya Swala, malo oswalira, Jumu'a, kutalika kwa yunifolomu, mashifiti a mwezi wa Ramadhan. Izi musangoganizira kuti akana, kafunseni, ndipo funsani musanasaine. Osunga Sabata odziwa zinthu amapita ndi yankho m'manja: Loweruka sindingathe, koma Lamlungu ndi pa Khrisimasi ndilipo. Ifenso tikhoza kutero: ndipatseni ola la Jumu'a, ndidzalowa m'mawa kwambiri kapena ndidzagwira Lamlungu anzanga akapita kutchalitchi. Dziwaninso kuti gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha chipembedzo chake. Komabe pamalo ang'onoang'ono chimene chimagwira ntchito msanga ndi kukambirana mwaulemu, osati kuopseza ndi khoti.

Dengu lachitatu: za mumtima. Fungo, kutopa, malipiro ochepa, ndi funso lija lakuti "anzanga a kukoleji akandiona ati chiyani?" Izi n'zenizeni, sindikuzipeputsa. Munthu amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire, kugwira chokolopera kumamupweteka ndithu. Koma kupweteka si haraam.

Titamaliza, dengu loyamba la achemwali linali lopanda kanthu. Kutsuka zonyansa za odwala si tchimo. Najisi imachoka ndi madzi, ndipo munthu akhoza kusunga chovala china choyera choswalira. M'dengu lachiwiri munali zinthu ziwiri: hijabu ndi nthawi ya Swala. Lachitatu ndi limene linadzaza mpaka kutayikira.

KODI NDIYE KUTI AYENERA KULOLA?

Ayi, si choncho. Pano tisamale. Munthu akhoza kukana ntchito ya halaal osachimwa, ngati ali ndi chifukwa ndipo sakusiya amene akumudalira pa njala. Ngati malipiro akuthera pa thiransipoti ndi nkhomaliro, ngati ulendo wobwerera usiku ndi woopsa kwa mtsikana, ngati palibe magolovesi ndi zodzitetezera pogwira magazi ndi nsalu za odwala, zimenezo ndi zifukwa zomveka. Tengani cholembera muwerengetse: malipiro, kuchotsa ulendo, kuchotsa chakudya, chotsala n'chiyani? Ngati chotsalacho chikugula sopo, bando ya intaneti yofunsira ntchito zina ndi kuthandizako pakhomo, ndiye kuti ntchitoyo ikukuyendetsani, sikukumangani.

Chimene ndikukana ndi kunena kuti "ndikudikira Allah" pomwe chenicheni ndi "ndikuopa kusekedwa". Tawakkul ndi kumanga ngamira kenako n'kudalira Allah, monga tinaphunzirira tonse. Kulola ntchito yaing'ono lero sikutseka khomo la yaikulu mawa, chifukwa wopereka riziki ndi yemweyo. Mukhoza kudziikira nthawi, mwina miyezi isanu ndi umodzi, mukugwira kwinaku mukutumizabe makalata.

Ife a ku Luwani phunziro limeneli tinalionera pafupi. Kampu ya othawa kwawo kuno inasunga anthu a ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, inatsekedwa mu 2007, n'kutsegulidwanso mu 2016 pamene anthu ena anasamutsidwa kuchokera ku Kapise, ku Mwanza. Anthu amene kwawo anali ndi minda ndi ziweto zawo tinawaona akufunafuna ganyu m'minda ya eni. Amene tinali ndi maso sitinawaone ngati otsika. Tinaona anthu akudyetsa ana awo.

MAWU KWA AMENE MULI PA NTCHITO

Katswiri wachiyuda Musa ibn Maimun, amene azungu amamutcha Maimonides, anabadwira ku Cordoba, anagwira ntchito ya udokotala ku Egypt, n'kumwalira mu 1204. Iye anasanja chithandizo cha osauka m'masitepe 8, ndipo pamwamba penipeni anaikapo kuthandiza munthu kuti aime payekha: kumubwereka mpamba, kuchita naye geni limodzi, kapena kumupezera ntchito. Izi si zachilendo kwa ife, chifukwa ndi zomwe Answar anachitira Muhajirun ku Madina.

Ndiye funso likubwerera kwa ife. Mukamva kuti kuntchito kwanu kuli mpata, mumauza ndani? Mukakumana ndi mlongo wa dipuloma atagwira chokolopera, mumamupatsa salaam mokweza kapena mumayang'ana kumbali? Pena manyazi amene akutsekereza achinyamata athu m'nyumba timawapanga ndife, ndi maso athu komanso ndi zolemba zathu m'magulu a WhatsApp.

Lachisanu achemwali anapita kukafunsa za dengu lachiwiri lija. Za hijabu alola, bola ikhale yamtundu wa yunifolomu. Za Swala ati akhoza kuswalira m'kachipinda kosungira katundu pa nthawi yopuma. Magolovesi alipo. Za malipiro akana kusintha. Achemwali aswali istikhara, akambirana ndi mayi, koma mpaka pano sanandiuze chimene aganiza, ndipo ine sindikuwakakamiza. Chimene chasintha n'chakuti funso lawo silikunenanso za tchimo. Tsopano akufunsa ngati angapirire, ndipo limenelo ndi funso loona.

Muwakumbukire m'ma duwa anu Lolemba lisanafike, pamodzi ndi onse amene akufunafuna ntchito. Ndipo ngati munagwirapo ntchito imene poyamba munkachita nayo manyazi, tiuzeni mmene zinayendera, mwina wina alimba mtima.

Allah atipatse riziki la halaal, atitalikitse ku haraam, ndipo atichotsere kudzikweza kumene kumavala mkanjo wa chipembedzo. Ameen. Pamene ndalondola ndi chisomo cha Allah, pamene ndalakwitsa ndi kufooka kwanga. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.

Wassalaam alaykum warahmatullah.