Anasiya kukwera phiri, koma ana anafabe

M'mawa wa pa 27 Malichi 2017, aphunzitsi atatu a m'chigawo cha Tochigi ku Japan anachita chinthu chimene kholo lililonse likanawathokoza nacho. Anali ndi ana a sekondale ochokera m'sukulu 7 pa kampu ya masiku atatu ku Nasu, pambali pa malo amene anthu amatsetserekapo pa ski, ndipo tsiku lomalizali anafunika kukwera nawo phiri la Chausu. Usiku kunagwa chipale chofewa chokwana masentimita pafupifupi 30. Kutacha anakambirana n'kugwirizana kuti zokwera phiri zilekeke.

Koma ana anali atadzuka kale, nsapato kuphazi, tsiku lonse lili patsogolo. Ndiye anati m'malo mwake akaphunzire kuponda njira m'chipale chakuya, pamtsetse wa pafupi pomwepo. Itangodutsa 8:30, chipale cha kumtunda chinagumuka n'kuwatsikira. Ana 7 a sukulu ya Otawara ndi mphunzitsi wawo mmodzi wa zaka 29 anafa atakwiririka. Ena 40 anavulala.

Ndikudziwa zimene mukuganiza inu a ku Chongwe: chipale ife timangochionera pa TV. N'zoona. Kuti mwana wa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana aponde pa ski, ndiye kuti wapita mpaka ku Afriski, m'mapiri a ku Lesotho. Koma kodi sukulu yanu situmiza ana pa ulendo? Kuli field trip ya Geography, kuli makampu a Scripture Union ndi a ma Scout, kuli zokaona damu la Kariba ku Siavonga. Chotsani chipalecho muikepo mtsinje wa Chongwe m'mwezi wa Febuluwale, nkhani yonse yotsalayo ndi yanu.

Taonani bwino pamene panalakwika. Pulani yoyamba, ya phiri ija, inali yolembedwa ndipo aliyense ankaidziwa. Pulani yachiwiri inabadwa m'mphindi zochepa, pafoni, wamkulu wa kampuyo ali kunyumba ya alendo kumunsi. Malire oti ana akafika apa abwerere sanaikidwe momveka bwino. Ndipo chimene chimandiopsa kwambiri ndi mtima umene aphunzitsiwo anali nawo atangokana za phiri. Munthu akakana chinthu chachikulu amadziona kuti wasamala kale, ndiye chaching'ono chimene walowetsa m'malo mwake sachifunsanso mafunso. Wamkulu uja atafunsidwa ndi atolankhani ananena kuti pa nthawiyo ankakhulupirira kuti panalibe choopsa chilichonse. Sindikuganiza kuti ankanama. Ankakhulupiriradi, ndipo n'chifukwa chake sanayang'ane kawiri.

Kodi inu simunamvepo mawu ngati amenewa? Mvula yagwa usiku, msewu wopita kumene munakonza waterera, basi singadutse. Ana alipira kale, mabanzi ndi Maheu zagulidwa, kubwerera kusukulu n'kochititsa manyazi. Wina n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pamtsinje m'pafupi apa, angotsikako akajambulitse zithunzi." Nonse n'kupuma, vuto latha. Ndani mwa inu anafikapo pamalopo sabata imeneyo? Ndani akudziwa kuti mvula yagwa bwanji kumtunda, kumene simukuona mitambo yake? Ndi angati mwa ana 60 amenewo amadziwa kusambira, ndipo mwadziwa bwanji, poti mnyamata wa zaka 15 sangavomere pamaso pa atsikana kuti madzi amawaopa?

Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. La ku Nasu linanunkha ndithu. A zanyengo anali atachenjeza dzulo lake kuti m'deralo chipale chikhoza kugumuka. Chipale chatsopano chikagwa chambiri pamwamba pa chakale sichigwirana nacho msanga, chimangokhala ngati ufa wothira pambale yopendekeka, ndipo aphunzitsi amene anali akutsogolera makampu otere kwa zaka zambiri anayenera kudziwa zimenezi. Ana sanapatsidwe tizipangizo timene timathandiza kupeza munthu wokwiririka, pamene wokwiririkayo mpweya umamuthera m'mphindi zowerengeka. Komanso mu Malichi 2010, pa kampu yomweyi, chipale chinagumukapo n'kukokolola ana ena. Poti palibe anafa, nkhaniyo inangothera pomwepo, osaifikitsa kwa akuluakulu, osaisandutsa lamulo.

Imeneyi ya 2010 ndiyo ndikufuna muiganizire mofatsa. Pasukulu yanu pali nkhani yotere, ndipo mukuidziwa. Mwana amene anakokedwa m'madzi ndi mnzake, anasanza, kenako onse anaseka. Kanta yonyamula timu ya mpira imene mabuleki anavuta pamtsetse koma dalaivala anaigwira. Mtsikana amene anatsala pa filling station n'kudziwika basi itayenda kale makilomita angapo. Munati Mulungu ndi wabwino, ndipo ndi wabwinodi, koma munalemba pati? Aphunzitsi amene analipo tsikulo anasamutsidwa, ndipo amene akutenga ana chaka chino sakudziwa kanthu. Sukulu zathu zimabisa zoterezi poopa makolo ndi ofesi ya maphunziro ya DEBS. Kubisako n'kumene kumasungira ngozi ana a m'tsogolo.

Pali chinanso chimene aphunzitsi ambiri savomera kuti chimawagonjetsa, ndicho kuchonderera kwa ana. Gulu la Otawara linali la ana amphamvu, ozolowera mapiri. Atatuluka m'mitengo n'kufika pamtsetse wopanda chotchinga, anapempha kuti apitirireko pang'ono, ndipo analoledwa. Chaka chimodzi izi zisanachitike, pa 13 Januwale 2016, ku Les Deux Alpes ku France, mphunzitsi analowa ndi ana a sukulu ya Saint-Exupéry ya ku Lyon mu njira ya ski imene inali yotsekedwa. Chipale chinagumuka, ana awiri ndi munthu wina wa ku Ukraine anafa. Njira yotsekedwa, munthu wamkulu ali pomwepo. Mphunzitsi amafuna ana amukonde, amafuna azikamusimba kuti ndi iyeyo amene ulendo umakoma. Kodi inuyo, ana 30 akamakuwa kuti "Sir, pang'ono chabe!", mawu anu omaliza amakhala oti chiyani?

Ngozi ikagwa, chotsatira ndi nthawi. Ku Nasu anthu a kuphiri anayesa kuitana pa wailesi ya ovaova, koma wamkulu uja anali ataisiya m'galimoto akulongedza katundu. Apolisi anaimbiridwa cha m'ma 9:20, ana ali pansi pa chipale nthawi yonseyo.

Ngati Japan ikukutalikirani, bwerani ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito ndi kuphunzitsa ana awo. Pa 15 Januwale 2020, sukulu ya Parktown Boys' High inatenga anyamata atsopano a Giredi 8 kupita ku kampu pafupi ndi Brits. Anauzidwa kumanga okha zoyandamira n'kulowa nazo mumtsinje wa Crocodile, madzi akuthamanga, opanda majekete oyandamitsa. Choyandamira china chinagubuduka. Mnyamata wa zaka 13 sanatuluke. Ofufuza anapeza kuti ulendowo unalibe chilolezo cha akuluakulu a maphunziro a ku Gauteng, ndipo mndandanda wa mayina a amene anakwera unatsala m'basi. Usiku wonse unadutsa akuluakulu asanatsimikize kuti mwana akusowa. Thupi lake linapezeka pa 17 Januwale. Anali atangoyamba kumene pasukulupo, aphunzitsi asanaizolowere nkhope yake, ndiye ndani akanaona kuti palibe popanda kuitana mayina?

Inu makolo, kalata ya ulendo ikabwera mumathamangira pa ndalama. Mukapeza, mumasaina n'kupuma. Pitani kusukulu mukafunse ahedi mwaulemu kuti mvula ikagwa ana akachita chiyani, ndipo yankho likhale la malo enieni, osati "tikaona komweko". Funsani dzina la mphunzitsi amene ali ndi mphamvu yonena kuti basi tikubwerera, ndiponso ngati iyeyo akakhale pamodzi ndi ana kapena akatsala m'tauni kugula zakudya. Funsani ngati kumeneko foni imagwira, chifukwa mukatsikira kuchigwa cha Zambezi pali malo amene netiweki imasowa. Funsani kuti mayina akaitanidwa kangati, ndipo pepala lake lili m'thumba mwa yani. Ena adzati ndinu ovuta. Musalabadire zimenezo, mwanayo ndi wanu.

Mu Meyi 2024 khoti la ku Utsunomiya linapeza aphunzitsi atatu aja olakwa pa mlandu wa kusasamala pa ntchito, n'kugamula kuti aliyense akakhale kundende zaka 2. Sanali zidakwa kapena anthu odana ndi ana. Anali aphunzitsi odziwa mapiri, amene anzawo ankawadalira.

N'chifukwa chake mawu anga otsala ndi a inu aphunzitsi achinyamata, amene mwangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana ndipo mwaikidwa pa ulendo chifukwa akuluakulu atanganidwa. Mphunzitsi amene anafera ku Nasu anali ngati inu, wachichepere pa ntchito, wosazolowera mapiri, akutsatira zimene odziwa anagamula. Tsiku lina mudzaima m'mbali mwa madzi amatope, pulogalamu itasintha, mtima wanu ukukana koma a senior teacher atanena kale kuti palibe vuto. Mwambo wathu umakuuzani kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Ayitanireni pambali muwafunse kuti, "Bwana, pamalo pano anafikapo ndani?" Akapanda kutchula munthu, nenani momveka kuti gulu lanu simulitsitsira kumeneko, itanani mayina a ana anu mmodzimmodzi, mubwerere nawo ku basi. Zokambirana za mwano mukazichite Lolemba mu ofesi ya ahedi.