Phunziro la Zaumoyo: Mankhwala Okulungidwa M'mafuta

Awerengi athu a m'boma la Mwanza, mwezi uno tiphunzire za nthenda youmitsa khosi yotchedwa cryptococcal meningitis, ndi njira yatsopano yoichizira.

Nthendayi imadza ndi kachilombo ka mtundu wa chuku, kamene kamapezeka m'dothi ndi m'zitosi za mbalame. Timakapuma ndi mpweya. Munthu wa thupi lamphamvu sikamdwalitsa, koma mwa munthu amene thupi lake lafooka ndi HIV kamakwera kunka ku ubongo. Anthu sapatsirana nthendayi ayi.

Mankhwala ake amphamvu ndiwo amphotericin B, amene anapezeka m'zaka za m'ma 1950. Amapha kachilomboko ndithu, koma amapwetekanso impso ndi kuchepetsa magazi. Wodwala ankawalandira m'mtsempha masiku 7 kapena 14, ali gone m'chipatala.

Tonse tidziwa kuti wokapala moto kwa mnansi sanyamula khala m'manja, amaliika paphale. Akatswiri anachita chimodzimodzi. Anakulunga mankhwalawo m'timatumba ta mafuta tosaoneka ndi maso, totchedwa liposome. Timatumbato timayenda m'magazi tili totseka, ndipo tikakhudza kachilombo ndi pamene timatula mankhwala. Chotero ofika ku impso amakhala ochepa, ndipo dotolo akhoza kupereka mlingo waukulu nthawi imodzi. Ena akuyesanso timatumba topangidwa ndi chitosan, chinthu chochokera m'zigoba za nkhanu.

Kuyambira 2018 mpaka 2021, njirayi inayesedwa m'kafukufuku wotchedwa AMBITION, pa odwala oposa 800 a ku Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kuno kwathu inayesedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Odwala ena analandira mankhwala okulungidwawo kamodzi kokha, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Patapita milungu 10, mwa odwala 100 otere anamwalira ngati 25, pamene mwa olandira mankhwala akale anamwalira ngati 29. Ovutika impso ndi magazi anachepanso. M'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti njirayi ikhale yoyamba.

Taonani kuti ngakhale ndi mankhwala abwinowa, mmodzi mwa anayi anatisiya. Wochedwa kufika kuchipatala ndiye ali pangozi yaikulu. Tsono kumbukirani izi:

1. Mutu ukawawa masiku ambiri, ndi kutentha thupi, kusanza, kuuma khosi kapena kusokonezeka nzeru, mtengereni wodwalayo ku chipatala cha boma ku Mwanza msanga.
2. Kayezetseni magazi, ndipo amene ali pa ma ARV asalekeze kumwa.
3. Wotuluka m'chipatala apitirize fluconazole kufikira dotolo atamuuza kuti aleke.

Aphunzitsi ndi mafumu, chonde awerengereni anthu anu phunziro ili pamsonkhano.